Amalume a Venansiyo ndi Khwawa la Nansonga

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni amalume anga a Venansiyo. Lamulungu lapitali ndinalawirira kuchoka ku Balaka kukakhala nawo pa Misa yowakumbukira, ku tchalitchi chawo chaching'ono kumunsi kwa phiri la Chikala. Ansembe atatchula dzina lawo pakati pa mayina ena, mayi wina kumbuyo kwanga ananong'oneza mnzake kuti, "Si aja a misala ya phiri aja?" Sindinakwiye. Eni ake akanamva akanangokoka fodya wawo wa m'mphuno n'kuvomera kuti inde, ndi omwewo.

Anali mlongo wa mayi anga, wamkulu m'mimba mwawo. Makolo awo anachokera kutsidya kwa nyanja ya Chilwa, ku Mozambiki, ndipo amalume akapsa mtima Chichewa chinkawathawa, n'kutsala Chilomwe chokhachokha chimene ife adzukulu a kuno tinkangochimva ngati mvula ya padenga. Anali munthu wamfupi, wa miyendo yowonda ngati mapesi, wosakonda kukhala pampando. Nsapato zenizeni anali nazo, zakuda, koma zinali za Khirisimasi ndi Pasaka. Masiku ena onse ankayenda ndi nkhwaira zodula kutayala lagalimoto, ndipo ankati nsapato ya m'sitolo imanamiza phazi, siliuza zoona za mwala umene waponda.

Chaka chilichonse akakolola, nandolo atalowa m'matumba, ankasowa pamudzi masiku angapo. Sankakasaka nyama, sankakafuna mankhwala, sankabwerako ndi kanthu kogulitsa. Ankangokwera, kudzera mu Khwawa la Nansonga, chigwembe chouma chimene chimang'amba phirilo kuyambira kumunsi mpaka pafupi ndi nsonga. Anthu ankadabwa kuti munthu wamkulu, wa banja lake, angavutikire chiyani miyala. Ena ankati ali ndi zizimba kumeneko. Akazi awo, asanamwalire, ankangoti mwamuna wa phiri ndi wabwino kuposa wa ku mowa, chifukwa uyu amabwerako wotopa ndi wofatsa.

Anali ndi malamulo awo a ulendo, ndipo ankawanena ngakhale kwa anthu amene sadzakwera phiri moyo wawo wonse. Ankati phiri salikwera ndi maso, chifukwa ukaliyang'ana pamwamba mawondo amagwa mphwayi. Ankati wofunsa kuti tatsala pang'ono kufika ndiye amayamba kufa ludzu. Ankatinso madzi a paulendo samwa, amangonyowetsa lilime. Zimenezi ankazinena ngakhale pamaliro, ngakhale pomanga ukwati, ndipo anthu ankaganiza kuti ndi miyambi yozama. Iwo ankanena za phiri lenileni.

Ulendo umene ndikufuna kusimba unali womaliza, ndipo anabwerako osayankhula. Koma kuti umveke, ndiyenera kuyamba ndi Che Idirisa.

Che Idirisa anali telala wa pa Ntaja, Myao, Msilamu wosajomba swala, wamtali ndi woseka mokuwa. Awiriwa anakumana ali achinyamata, pamene anthu a boma oyeza malo analemba ganyu yosenza simenti ndi madzi kuti akamange chipilala pansonga ya phiri. Tsiku lina Che Idirisa anaterereka pathanthwe, thumba la simenti lili pamutu. Amalume, amene anali pambuyo, anawakha thumbalo, kenako n'kugwira mwendo wa munthu. Nkhani imeneyi anakangana nayo mpaka imvi. Che Idirisa ankati Mlomwe uyu anayamba wapulumutsa simenti asanaganize za mnzake. Amalume ankayankha kuti simenti inali ya boma, pamene Idirisa anali wa Mulungu, ndipo Mulungu amadziwa kusamala zake.

Kuchokera pamenepo ankakwera limodzi. Zikwama zakumsana anasoka ndi Che Idirisa pamakina awo, kuchokera ku matumba a feteleza, zingwe zake za chubu cha njinga. Ankanyozana njira yonse. Myao ankaseka Mlomwe chifukwa chodya kalongonda, Mlomwe n'kuseka mnzake kuti amasamba mapazi kasanu patsiku koma pakamwa sipayera. Nthawi ya swala ikakwana amalume ankakhala patali pang'ono n'kutulutsa kolona, ndipo wina akatha ankadikira mnzake.

Chinawalekanitsa ndi makala.

Amalume anali ndi mwana wamwamuna mmodzi, Lusiyano, msuweni wanga. Anakwatira kuseri kwa phiri n'kukakhala chikamwini. Munda umene anapatsidwa unali m'mbali mwa mtsinje, ndipo chaka cha madzi osefukira mchenga unaukwirira wonse. Ana anali kale anayi. Lusiyano anatenga nkhwangwa n'kulowa m'phiri monga ankachitira anzake. Amalume atamva sanamuitane kuti akambirane. Anadikira tsiku la msika, pagulu, n'kunena mokweza kuti iwo alibe mwana wotentha phiri. Mayi anga anayesa kuwadandaulira, ankhoswe anayesa, akuluakulu a mpingo anayesa. Amalume anali ndi mtima ngati mfundo ya mtengo wa tsanya. Akanena anena.

Patapita nthawi anapita pa Ntaja kukasoketsa chigamba. Pakhonde la shopu ya Che Idirisa anapeza thumba la makala, ndipo panjira anali ataona Lusiyano akupalasa njinga yopanda katundu.

"Makala awa wabweretsa ndani?"

"Mwana wanu."

"Ndilibe mwana."

"Ndiye wabweretsa mwana wa mnzanga," anatero Che Idirisa. "A Venansiyo, simbi yanga ndiziyatsa ndi chiyani? Ndi kolona yanuyo? Ndikapanda kugula kwa iye ndigula kwa wina, mtengo wagwa kale. Kuli bwino adye adzukulu anu."

Amalume anatenga buluku lawo losasokalo n'kubwerera. Mvula zingapo zinagwa n'kukata awiriwa osalonjerana. Amalume ankakwerabe, okha, ndipo ankabwerako okwiya kuposa mmene anapitira, akuwerenga pakamwa mitengo imene sanaipeze.

Tsiku lina m'chilimwe anandiimbira foni. Sanali munthu wokonda foni, ndiye ndinaganiza kuti kwagwa zovuta.

"Pasikale, ubwere mawa. Uvale zoti ukhoza kung'amba. Ukanyamula madzi."

Ine ndinali kale bambo wa ana, wa mimba yake, wozolowera kukhala pa kauntala. Koma amalume sakanidwa. Nditafika ndinapeza Che Idirisa atakhala pamkeka, nkhope itaweramira kumbali ngati munthu womvetsera kanthu kakutali. Matenda a shuga anali atawadya maso. Kuchipatala anawauza kuti palibenso chochita. Anali atabwera okha pa kabaza dzulo lake, n'kutsikira pabwalo la munthu amene sankawayankhula, n'kunena kuti, "Maso anga akulowa ngati dzuwa. Katsala kakuwala kochepa. Ndikufuna ndikathere pamwamba paja." Amalume akuti anangofunsa ngati makina osokera akadalipo, chifukwa chingwe cha chikwama chinaduka.

Ndinayesa kuwaletsa. Ndinati kukutentha, onse awiri ndi okalamba, wina ndi wodwala. Che Idirisa anaseka.

"Mwanangu, ukuopa kuti tikafa? Iyayi, ife tikufa kale. Tikungosankha poti tiziyembekezera."

Tinanyamuka m'mawa. M'zikwama munali chimanga chokazinga, mtedza, makaka, matemba ouma ndi mabulangete. Ine ndinasenza zigubu ziwiri za madzi. Amalume anati ndi okwanira, chifukwa pakati pa khwawa, pansi pa mkuyu waukulu, pali kasupe amene sanaphwepo chibadwire chawo.

Khwawa la Nansonga limayamba mofatsa, ngati msewu wa mchenga. Kenako makoma amakwera mbali zonse, dothi lofiira lodyeka ndi mvula, loima ngati zipilala za nyumba imene sinamalizidwe. Mphepo simalowamo. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa. Amalume anali patsogolo atagwira nsonga ya ndodo, Che Idirisa pambuyo atagwira nsonga inayo, ndipo ndodoyo ndiyo inkayankhula: ikakwera ndiye kuti pali mwala, ikakokera kumanzere ndiye kuti pali dzenje. Pakamwa ankangosungira zonyozana. Madzulo tinagona pansi pa thanthwe lotuluka ngati khonde, pamene panali mwaye wa moto wawo wa zaka zambiri.

M'mawa mwake mchenga unatha, kunatsala miyala. Apa ndodo inalibenso ntchito. Tinkakwera ndi manja ndi mawondo, kulowetsa zala m'ming'alu, kukokana zikwama ndi chingwe. Pamalo ovuta amalume ankatsika pansi pa mnzawo, n'kugwira phazi lawo ndi manja awiri, n'kuliika pamene liyenera kuponda.

"Ponda. Usafufuze, ponda. Dzanja lamanja pamwamba, pali muzu."

"Mukandigwetsa, a Venansiyo, lero palibe simenti yoti munamizire."

"Khala chete, ukutha mpweya."

Ine mawondo ananyuka, ndipo kawiri konse ndinayang'ana pansi n'kumva chizungulire. Anthu awiri okalamba aja sanadandaule. Koma dzuwa litafika pamutu ndinaona kuti Che Idirisa asiya nthabwala, ndipo matenda awo ankafuna madzi ambiri kuposa lamulo la amalume. Chigubu choyamba chinali chitatha. Chachiwiri chinkalira pansi pokha.

Tinafika pamene panali mkuyu. Panali chitsa chachikulu ngati tebulo, chodulidwa miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo pansi pake panali dzenje la matope ong'ambika, muli mapiko a njuchi zakufa. Amalume anagwada n'kuyamba kukumba ndi manja. Anakumba mpaka m'chigongono. Mchenga unali wotentha mpaka pansi. Anakhala pomwepo, manja ali m'dzenje, osatembenuka.

"Tafika pa kasupe?" anafunsa Che Idirisa. "Bwanji sindikumva kuzizira?"

Kasupe anali ataphwa. Che Idirisa anamvetsa okha. Nthawi ya swala itakwana anapapasa pansi, n'kumenya zikhatho pafumbi, n'kudzipukuta nalo kumaso ndi m'manja m'malo mwa madzi. Atatha kupemphera sanathe kudzuka. Milomo inali itauma mbuu, mawu akutuluka mokoka.

Ndinati tibwerere. Amalume anati kumene tachokera n'kutali kuposa mmene munthuyu angapirire, ndipo kutsika miyala ija ndi wakhungu wofooka ndi kumuponya kuphompho. Tinakhala mumthunzi wopyapyala wa khoma. Ndi pamene tinamva nkhwangwa, kumtunda chakumanja, ndipo kamphepo kanabweretsa fungo la uvuni wa makala.

Amalume anadziwa. Mbali imeneyo ndi imene anthu a kuseri kwa phiri ankatentha, ndipo nkhwangwa ya mwana wako sungaisokoneze. Ndinati ndipite ine. Anandigwira mkono mwamphamvu.

"Iwe khala ndi wodwala."

Anatenga chigubu chopanda kanthu n'kukwera khomalo okha, pang'onopang'ono, osayang'ana m'mbuyo.

Zimene zinachitika kumeneko sindinazione. Anandiuza ndi Lusiyano patsiku la maliro a amalume, titakhala kuseri kwa nyumba. Anati anangomva "Odi!" n'kutembenuka, n'kuona bambo ake ataima m'mphepete mwa phulusa, chipewa chili m'manja. Amalume sanamutchule dzina. Anati, "Pepani abambo, ndife apaulendo. Tili ndi wodwala kumunsiku. Tikupempha madzi." Lusiyano anati akanakonda atamutukwana. Anati mawu aulemu aja anamulasa kuposa a pamsika paja, chifukwa ndi mmene munthu amayankhulira ndi mlendo.

Chimene ndinaona ine ndi amalume akutsika, ndipo pambuyo pawo Lusiyano, wakuda bii ndi fumbi la makala, atasenza chigubu chachikulu chachikasu chimene anakwera nacho kuchokera kumudzi kuti chimusunge masiku onse a uvuni. Anagwada pafupi ndi Che Idirisa n'kuwamwetsa pang'onopang'ono ndi chivindikiro.

"Manja awa ndikuwadziwa," anatero Che Idirisa atapeza mawu. "Amanunkha simbi yanga. Alhamdulillah, Mulungu atamandike."

Amalume anamwa omalizira. Anagwira chivindikirocho nthawi yaitali asanachiike pakamwa.

Lusiyano sanafunse chilolezo kwa aliyense. Anausiya uvuni wake ukufuka, chinthu chimene wotentha makala sachita chifukwa ukabooka zonse zimasanduka phulusa, ndipo anagona nafe pamenepo. Kutacha anatenga bulangete n'kubereka Che Idirisa kumsana monga mayi aberekera mwana. Chigawo chomaliza ndi thanthwe losalala, lopendekeka, lopanda muzu kapena udzu. Lusiyano anakwera chokwawa, nkhalamba yaitali ija miyendo ili lendelende, ndipo amalume anali pansi pake, akugwira zidendene za mwana wawo ndi kuziika m'ming'alu monga anachitira ndi mnzawo dzulo lake. Amalume ankangoti "apa" ndipo phazi linkaponda.

Pansonga tinapeza chipilala chija, chong'ambika pakati, chodzaza zitosi za mbalame. Che Idirisa anachipapasa ponseponse n'kumwetulira. Kenako anaimirira, atagwira phewa la amalume.

"Nditembenuzeni. Chilwa ali kuti?"

Kunalibe chooneka. Utsi wa mauvuni ndi wa moto wolusa unali utaphimba dziko lonse, wotuwa ngati phala. Ngakhale ine wa maso abwino sindinkaona kupitirira mapiri oyandikana nawo, ometedwa mpala, a zipsera zakuda.

Amalume anawatembenuzira kotulukira dzuwa.

"Ndi uyo," anatero. "Wadzaza mpaka m'mabango. Akunyezimira ngati lata latsopano. Chilumba cha Chisi chili pakati, chobiriwira. Kuseri kwake mapiri a kwathu, atatu aja, akuoneka mpaka mikwingwirima yake. Kuno kumbuyo Shire akupita ngati njoka, ndipo sitima ikuwoloka pa Liwonde."

Che Idirisa anamvetsera, maso ali tong'o kuutsi.

"A Venansiyo, mphuno zanga zikuona bwino kuposa maso anu. Mkatolika wabodza inu." Anapuma pang'ono. "Pitirizani."

Ndipo amalume anapitiriza. Anatchula midzi, madambo, mitengo ya masuku imene ankatola ali anyamata, nkhalango imene inkatsika mpaka kumsewu. Sanaleke mpaka atazungulira mbali zonse.

Lusiyano anali atakhala patali, atakumbatira mawondo. Amalume atamaliza, iye anayankhula osadzutsa mutu.

"Mkuyu uja sindinadule ine, bambo. Koma ina ndinadula, yambiri. Mundiuze lero, poti tili pano. Ana anga ndiwapatse chiyani? Miyala?"

Ndinayembekezera Chilomwe chija cha mkwiyo. Sichinabwere. Munthu amene anali ndi yankho pa chilichonse anangoyang'ana manja ake okhala ndi mchenga wa kasupe m'zikhadabo. Tinatsikira njira ya otentha makala, yofupika, yofumbika, yodutsa pakati pa zitsa. Podutsa pa uvuni wa Lusiyano tinapeza utabooka mbali imodzi, moto uli lawilawi. Iye anangouyang'ana n'kupitirira, Che Idirisa ali kumsana.

Ndikanakonda kunena kuti bambo ndi mwana anakumbatirana. Sizinatero. Amalume sanabweze mawu a pamsika aja pagulu, ndipo Lusiyano sanasiye makala, chifukwa mchenga sunachoke m'munda mwake. Chinasintha n'chakuti adzukulu anayamba kubwera patchuthi, ndipo amalume ankawakazingira chimanga. Lusiyano akabwera kudzawatenga ankakhala kumapeto kwa khonde, bambo ake kumapeto enawo, n'kumakambirana za mvula.

Che Idirisa anamwalira mvula yotsatira itangoyamba. Amalume anayenda wapansi mpaka pa Ntaja atavala nsapato zakuda zija, n'kuima kumbuyo kwa mizere ya Asilamu, milomo ikuyenda ndi mapemphero awoawo. Phiri sanalikwerenso. Ndikawafunsa ankati mawondo atha, koma mawondo omwewo ankalima munda wonse. Malamulo a ulendo aja analeka kuwanena. Anakhala zaka zingapo choncho, akuchepa thupi ndi mawu, mpaka chibayo chinawatenga m'nyengo yozizira, mwakachetechete. Amene anawatseka maso ndi Lusiyano.

Misa itatha Lamulungu lija ndinapita kunyumba kwawo. Chitseko n'chomanga ndi waya. Chiswe chakwera nsanamira za khonde, ndipo udzu wa denga wagwera mkati mbali ya kuchipinda. Nkhokwe yapendekeka, mulibe kanthu koma mavu. Papaya amene anali kuseri wabereka, zipatso zikupsera mumtengo n'kumagwa zokha, nkhuku za eni mudzi n'kumajompha.

Amalume ali moyo, njinga za makala zinkazungulira kutali, kuseri kwa manda, kuopa pakamwa pawo. Tsopano njira yadutsa pabwalo penipeni. Matayala akumba mizere iwiri kuyambira pa mtengo wa mango mpaka kumsewu, ndipo dothi limene ankalisesa m'mawa uliwonse lada ndi fumbi la makala. Ndinakhala pamwala kwa kanthawi. Zinadutsa njinga zingapo, matumba atasanjikizana kuposa mutu wa wopalasa, zikuthamangira ku Liwonde, mabelu ali ngiringiri.

Yomalizira inali ya Lusiyano. Sanandione. Atafika pa mango paja anagwira mabuleki, n'kutsika, n'kuvula chipewa. Anakankha njinga yolemerayo ndi manja, pang'onopang'ono, kudutsa bwalo lonse, ndipo anakwera pokhapokha atafika kumsewu.